Sheya ya Elube

Ndatsika minibasi pa Zingwangwa tulo tili m'maso,
jekete yaulonda ikununkhabe utsi wa ku Makata.
Golosale yathu yatsegula kale.
Ndikati yathu sindikunena mwa chizolowezi cha pakamwa:
tilipo makumi anayi ndi atatu,
aliyense anaponyamo yake,
wina ya tomato, wina ya matola, wina ya penshoni.
Dzina lokha linatidyera misonkhano iwiri
mpaka a Likoswe anatenga penti yotsala pa bafa lawo
n'kulemba pakhoma kuti Tiyesenawo.
Chilembo chomaliza chinasowa malo, chinakhotera pansi.

Lero pa kauntala ndi tsiku la Dorika.
Pa sikelo pali mwala wa mumtsinje wa Naperi
m'malo mwa chitsulo cha theka la kilo
chomwe chinasowa chaka cha namondwe.
Tonse tinaunyamula mwalawo m'manja, tonse tinavomera.

Ndipatse shuga wopima, mafuta a m'tchubu awiri,
bonya wa kambale kakang'ono,
sopo wodula pakati.
Mitengo yakweranso.
Choko cha sabata yatha chikuonekera pansi pa cha lero
ngati chipsera.
Ndikalipire ndani? Mwini sitolo ndine.
Ndangotsonya, ndalipira.

Kuseri kuli benchi, ndi tebulo la chitseko chakale,
mahinjesi akadali pomwepo.
Tiyi wamkaka, kapu yothothoka mlomo.
Ajibu wa kabaza akuviika chinangwa mu tsabola
uku akutsutsana ndi aphunzitsi opuma, a Namaona:
tigule firiji, kapena tiyambe takhoma denga?
Pamwamba pa thumba la mchere pali beseni lodikira mvula.
Amati mutu umodzi susenza denga.
Ife mitu yonseyi
malata asanu ndi limodzi atikanika.

Chigumu ndikudyachi anayambitsa ndi Elube.
Nthochi zakuda zoti wina akanataya,
mgaiwa, soda wa pa nsonga ya supuni,
makala pansi, makala pa chivundikiro.
Anamuphunzitsa Dorika mwezi womwe miyendo inayamba kutupa,
atakhala pa kreti, akuloza ndi chala,
tisanayambe ulendo wa ku Gulupu Lachiwiri lililonse.
Dorika amachulutsa shuga.
Sindinamuuzepo.

A Mbendera, mukatha mubwere musayine.

Buku lachikuto chakuda, lomata ndi selotepi.
Tsamba lachisanu ndi chiwiri:
dzina lake, m'malembo ake opendekera
ngati chimanga chokunthidwa ndi mphepo.
Palibe anafufuta.
Mlembi anati wafufuza m'malamulo athu onse, masamba anayi,
za ochedwa ku msonkhano zilimo,
za ngongole yodutsa mwezi zilimo,
koma tinaiwala kulembamo zoti tidzafa.
Choncho sheya yake ikugwirabe ntchito.
Chaka chino yabala mapaketi awiri a shuga,
botolo la mafuta, machesi,
ndi ndalama yokwana mayunitsi a magetsi.

Mvula ziwiri ali chigonere kuseri kwa Soche
mayi uyu akugulabe za m'nyumba.

Bolopeni yakana. Ndaipumira mpweya, ndaikanda pachikhatho.
Ndasayina pansi pa dzina lake, mwaulemu, osaligunda.

Nanga shuga mwagula uja, ndikubwezereni ndalama?
Ayi, mwanawe, msiye.
Wanga ndi wanga, wake ndi wake.
Kunyumba kwathu zinkakhala choncho:
iye chitini chake, ine kapepala kanga,
ndipo kanga ndi komwe kankayamba kutha.

Ajibu wati andikweze ulere mpaka pa mjigo.
Ndakana.
Ndikukwera chitunda wapansi, majumbo awiri,
lamanzere lopepuka,
lamanja likundidula zala.
Sindisinthanitsa.
M'thumba la jekete muli nyenyeswa za chigumu
zomwe nyerere za m'nyumba mwathu
zikuzidziwa kale.